Miyezo ya Velko Darakchiev

Ndinamuyeza koyamba ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu,
m'chipinda chapansi cha nyumba ya zisudzo ku Shumen,
momwe timakoleka mafumu pa misomali.
Khosi ngati la tsekwe wonyowa.
Anakoka mpweya kuti chifuwa chioneke chachikulu,
ine ndinamubaya ndi singano kuti autulutse.
Telala sanamizidwa.

Gawo lake loyamba linali mawu anayi basi:
"Bwana, akavalo afika panja."
Milungu isanu akuwabwereza m'khonde,
koma katani litatseguka lilime linapindika:
"Akavalo, bwana afika panja!"
Holo yonse inafa nalo phwete.
Analirira m'madiresi a mfumukazi,
ndinamupatsa kansalu kopukutira nsapato.

Kenako anampatsa lupanga lamtengo.
Kenako chisoti cha malata
chomwe chinkamusiyira mzere wobiriwira pamphumi,
n'kumapita nawo kokagula buledi m'mawa
ngati ufumu sanaugonere mokwanira.
Jekete lake lofiira ndinalifutukula kawiri.
Kuwomberedwa m'manja kumanenepetsa.

Masiku amenewo pa mzere wachitatu
pankakhala bambo wa chipewa chotuwa ndi kabuku,
wosaseka, wosawomba.
Velko anaphunzira kubisa mawu m'chitsokomolo,
m'kuchedwa kutseka chitseko,
m'kuyang'ana mpando wopanda munthu.
Anthu ankamva. Kabuku kankangoti kukamwa yasa:
chete amalembedwa bwanji?

Ndikukumbuka basi yathu ikukwera mapiri mobuula,
nyumba yachifumu itamangidwa padenga ndi zingwe,
chipale chofewa chikugwera pa mpando wa mfumu.
M'midzi ankatilipira tchizi cha nkhosa
ndi kachasu wa mphesa m'botolo la mafuta.
Mayi wina anamudikirira pakhomo ndi ndodo
chifukwa chopha m'bale wake pa siteji.
Velko ankati mphotho yoposa imeneyo sanalandirepo.

Ku Sofia anamuitana kamodzi.
Anatha miyezi isanu ndi iwiri, nabwerera ndi sutikesi yomweyo.
"Matabwa akumeneko sadziwa mapazi anga, Gergina.
Kuno thabwa lachitatu limandiyankha."

Boma litagwa, chisanu chinalowa m'holo osagula tikiti.
Magetsi ankabwera ngati mlendo wamanyazi.
Anzake anapita kukatsuka mbale kunja,
iye anatsala, akulamula dziko ndi makandulo asanu
pamaso pa anthu khumi ndi mmodzi ovala makhoti,
mpweya wawo ukufuka ngati ng'ombe m'khola.
Pansi pa mkanjo wachifumu ndinamusokera nyuzipepala.
Akagwada, ufumu unkachita phwatalaphwatala.

Kenako ndinayamba kubweza ulusi.
Chala chimodzi. Zala ziwiri. Chikhatho.
Mawu anayamba kumuthawa ngati nkhunda pabwalo la sitima,
ine n'kumawasokera m'kati mwa mkono wa malaya
ndi ulusi woyera, zilembo zikuluzikulu.
Owonera ankati, "Taonani mfumu ikuyang'ana dzanja lake,
ikuganizira magazi."
Ikuwerenga nsoko zanga.

Chaka chomaliza anamubwezera pakhomo pomwe anayambira,
wantchito wokalamba, mawu anayi omwe aja.
Analowa pang'onopang'ono. Thabwa lachitatu linalira.
Anayang'ana kumdima komwe ndimaima ndi sizasi,
nati, mokweza, mwadala,
"Akavalo, bwana afika panja."

Palibe anaseka. Onse odziwa anali kumanda.
Ndinaseka ndekha kuseri kwa katani,
mapini ali kukamwa,
mpaka mnyamata wa magetsi anandigwira phewa.

Jekete lofiira lili pa msomali wachisanu ndi chiwiri.
M'kolala mudakali fungo la fodya ndi utoto wa kumaso.
Nsoko zonse zikuoneka, zofutukula ndi zobweza,
ndimaziwerenga ndi chala pakakhala palibe ntchito.

Dzulo anatsika kamnyamata ka ku Targovishte,
khosi lalitali, mawu atatu m'thumba.
Ndinakazunguliza tepi pachifuwa.
Kanakoka mpweya.
Singano ndinali nayo kale m'dzanja.